Agogo akagwa musawakhazike pansi: mafizo apakhomo oti miyendo isiye kudzandira

Mayi anga anagwa mu February chaka chatha, cha m'ma 4 koloko m'bandakucha akupita kuchimbudzi. Timakhala ku Area 36, chimbudzi chathu ndi chapanja, usiku umenewo kunagwa chimvula ndiye mukulidziwa dothi lakuno ku Lilongwe likanyowa, kuterera kwake ngati therere. Magetsi anali atathima, kuphazi mapatapata, chitenje chokwekwereza pansi. Tinangomva "mayo ine!" kuseri kwa nyumba. Mwamwayi fupa silinathyoke, anangotupa bondo ndi kusupuka chigongono. Koma zomwe tinachita ifeyo pambuyo pake ndi zimene zinatsala pang'ono kuwathera miyendo.

Tinawaletsa chilichonse. Kusesa ayi, kuchapa ayi, kumsika ayi, olo kukatenga madzi akumwa mu ndowa mwana ankathamanga kuti "khalani agogo ndikupatsirani". Ife tinkaona ngati ndi ulemu, ngati ndi chikondi. Iwonso mantha anali atawalowa ndiye sanakane, tsiku lonse pa mkeka pakhonde kusankha nyemba ndi kumvera wailesi. Pofika April munthu amene ankadzuka yekha pa mkeka anayamba kuchita kukokedwa manja onse awiri. Mtsikana wina wa fizo (omwe amathandiza odwala ndi mafizo kuchipatala) yemwe timapemphera naye atabwera kudzawaona anandikokera pambali nkundiuza mosapsatira kuti achimwene, amayiwa sikugwa kuja kwawafoola, mwawafoola ndinu. Zinandiwawa koma zinali zoona. Minofu ya munthu wamkulu ikangokhala osagwira ntchito imatha msangamsanga, ikatha munthu amadzandira, akadzandira amaopa kuyenda, akaopa amakhala pansi, minofu nkutheratu, kenako kugwa kwachiwiri kumene nthawi zambiri kumakhala koipa kuposa koyamba.

Ndiye ndilemba zomwe takhala tikuchita pakhomo, zopanda jimu, zopanda makina. Ine si dokotala, ndine mwana chabe wa mayi okalamba, koma mafizowa siongopeka ayi.

Nkhani ya kugwa si yaing'ono. A WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati chaka chilichonse anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chifukwa chakugwa padziko lonse, oposa 80 mwa 100 alionse ndi a m'mayiko osauka ndi apakatikati, ndipo gulu lomwe limafa kwambiri ndi la zaka zoposa 60. Mwa anthu a zaka 65 kupita m'mwamba pafupifupi mmodzi mwa atatu amagwa chaka chilichonse. Kwathu kuno gogo akamagwaigwa ena amathamangira kunena kuti pali dzanja la munthu. Mayi aang'ono anga ananena zimenezo pafoni ndithu, ndinangoti zikomo amayi tamva.

Kuti munthu aime osagwa pamagwira zinthu zingapo limodzi. Maso amaona pomwe pali dzenje, mkati mwa khutu muli kachiwalo komwe kamauza ubongo kuti mutu wapendekera uku, mapazi ndi mfundo zimamva pansi mmene palili, ndiye minofu ndi yomwe imakubweza ukayamba kupendekeka. Ukalamba umafoola zonsezi. Shuga amabweretsa dzanzi kumapazi munthu osamvanso pomwe waponda, ng'ala imatseka maso, mankhwala ena a BP ndi ogonetsa amabweretsa chizungulire makamaka podzuka. Zina mwa izi nza kuchipatala. Koma minofu ndi balansi (kutha kuima ndi kuyenda osadzandira), zimenezo zimaphunzitsika pakhonde pomwepo ngakhale munthu ali ndi zaka 85.

Zambiri zomwe timachita zinachokera mu pulogalamu yotchedwa Otago, inapangidwa ku yunivesite ya Otago ku New Zealand m'zaka za m'ma 1990 ndi John Campbell ndi Clare Robertson. Muli mafizo 17, asanu olimbitsa miyendo ndi 12 a balansi, kuphatikizapo kuyenda. Anaiyesa pa anthu oposa 1,000 a zaka 65 mpaka 97 akuchitira kunyumba kwawo, kugwa kunachepa ndi 35 pa 100, ndipo omwe inawathandiza kwambiri ndi a zaka 80 kupita m'mwamba, omwe ife timati aaa asiyeni akula. Mu 2019 a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, anaphatikiza kafukufuku 108 wa anthu oposa 23,000 napeza kuti mafizo amachepetsa kugwa ndi 23 pa 100, ndipo mukaphatikiza a balansi ndi olimbitsa minofu zimafika cha m'ma 34. Tai Chi, masewera aku China oyenda pang'onopang'ono aja, anachepetsa ndi 19 pa 100. Kuyenda kokha kopanda zinazi sikunaonetse umboni wokwanira woti kumachepetsa kugwa.

Mfundo yomalizayi ndi imene tinakangana nawo mayi. Iwo amvekere "ine ndalima moyo wanga wonse, ndinkachoka ku Mitundu wapansi thumba pamutu, lero mundiphunzitse kuyenda? Mafizo nga asilikali ndi ana asukulu." Ndinawayankha kuti amayi kuyenda mumatha, koma tsiku lija simunagwe chifukwa cholephera kuyenda, munagwa chifukwa phazi litaterereka mwendo winawo unachedwa kukugwirani. Kuyenda kutsogolo pamsewu sikuphunzitsa mwendo zimenezo. Anakhala chete kenako anati chabwino tiyese, koma aneba asaone.

Musanayambe, kuchipatala kaye

Apiteni nawo ku health centre yapafupi, kaya ku Kawale, ku Area 18, ku Area 25 kapena ku Bwaila, akayezedwe BP ndi shuga. Tengani mankhwala onse omwe amamwa mu jumbo, ndi azitsamba omwe, adokotala awaone, ndipo muwauze kuti anagwa, chifukwa akuluakulu ambiri amabisa, amaopa kuti ana awaletsa zinthu (ngati mmene tinachitira ifemu). Ngati akudzuka amaona mdima kapena chizungulire pemphani awayeze BP atagona kenako ataimirira. Musawasiyitse mankhwala nokha. Za maso kuli chipatala cha Lions Sight First pa Central (Kamuzu Central Hospital), ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimathandizadi pa nkhani ya kugwayi. A fizo aliponso pa Central, yambirani ku health centre akulembereni kalata. Ngati gogo anadwalapo sitiroko, ali ndi vuto la mtima, anathyokapo chiuno kapena agwa kawiri katatu m'chaka chimodzi, musayambe nokha, a fizo awaone kaye akuuzeni zoti achite ndi zoti asachite.

Ayeseni kuti mudziwe poyambira

Ichi musadumphe, chifukwa manambala ndi omwe amalimbitsa mtima pakapita miyezi. Mayeso atatu awa amagwiritsidwa ntchito ndi a CDC, bungwe la zaumoyo la boma la America, amangofuna mpando, foni ya sitopuwotchi ndi kope.

Oyamba ndi kudzuka pampando. Pezani mpando wathabwa wolimba wopanda moika manja, wotalika cha m'ma 43 cm kuchoka pansi, muutsamiritse kukhoma. Wapulasitiki ayi chonde, miyendo yake imatha kukhadzuka. Gogo akhale pakati, mapazi pansi, manja apingase pachifuwa, ndiye muwerenge kuti pa masekondi 30 aimirira mowongoka nkukhalanso kangati. Kwa amayi a zaka 70 mpaka 74 kuchepera 10 ndiye kuti miyendo yafooka, abambo amsinkhu womwewo kuchepera 12. A zaka 80 mpaka 84, amayi kuchepera 9, abambo kuchepera 10. Akalephera kudzuka osagwira ndi manja mumalemba 0. Mayi anga ali ndi zaka 73, tsiku loyamba anapeza ziro. Anayesa kawiri, nkhope yonse thukuta, matako osachoka pampando. Mdzukulu wawo wa sitandade 4 yemwe anagwira foni anafuna kuseka, ndinamuyang'ana diso limodzi anameza.

Achiwiri, yezani mamita atatu kuchoka pampando mujambule mzere ndi khala. Adzuke, ayende mmene amayendera masiku onse mpaka pamzere, atembenuke, abwerere, akhale. Ngati amayenda ndi ndodo ayende nayo. Masekondi 12 kapena kuposa ndi chizindikiro choti atha kugwa. Mayi anatenga 19, ndipo potembenuka paja ndi pomwe ndinaona vuto, ankachita timasitepe tambirimbiri dzanja likufunafuna khoma.

Achitatu ndi kuima. Mapazi pamodzi masekondi 10, kenako phazi limodzi lisunthire kutsogolo pang'ono kuti chala chachikulu cha linzake chikhudze pakati pake, kenako phazi kutsogolo kwa linzake chidendene chikugunda zala ngati ali pa chingwe, pomaliza mwendo umodzi. Amene sangathe masekondi 10 pa kaimidwe kachitatu kaja ali pachiopsezo. Lembani zonse ndi deti lake, muzibwereza kamodzi pamwezi.

Malo ndi munthu woima pambali

Sankhani malo osaterera, owala, opanda nkhuku ndi ana othamangathamanga. Pakhale chogwira chosasuntha, ife timagwiritsa ntchito zitsulo za pawindo la pakhonde ndi kakhoma kakafupi ka khondelo. Chitseko ayi chimayenda, tebulo lopepuka ayi. Kuphazi nsapato yogwira chidendene yosaterera, kapena opanda nsapato ngati simenti ndi youma ndipo alibe shuga. Masokosi okha pa simenti ya polishi ndiye kuitana ngozi. Chitenje achikweze chifike m'mawondo kapena avale buluku la mkati.

Inu oima nawo imani pambali chakumbuyo pang'ono, mbali yomwe ili yofooka. Musawagwire manja nkumawakoka, mukatero balansi mukuchita ndinu. Mtsikana wa fizo uja anatiphunzitsa kumanga chitenje china m'chiuno mwawo ngati lamba, inu nkugwira mfundoyo kumbuyo momasuka, akapendekeka mwawagwira kale koma akamayenda bwino sakumva nkomwe kuti mulipo.

Yambani ndi kutenthetsa thupi maminitsi asanu, kuguba pamalo amodzi atagwira, kutembenuza mutu uku ndi uku pang'onopang'ono, kuzunguza mapewa, kutembenuza thupi m'chiuno, atakhala pansi kupinda ndi kuwongola akakolo.

Kulimbitsa miyendo

Ngati pa zonsezi mungakwanitse chimodzi chokha, chikhale kudzuka pampando. Ndi chomwe munthu amachita podzuka pabedi, kuchimbudzi, mu minibasi, m'tchalitchi. Kachitidwe kake: asendere kutsogolo kwa mpando, mapazi awakokere m'mbuyo akhale pansi pa mawondo motalikirana ngati mapewa, aweramire kutsogolo mpaka mutu upitirire mawondo, ndiye akankhe pansi ndi zidendene nkuimirira. Akuluakulu ambiri amalephera osati chifukwa cha mphamvu zokha koma amaopa kuwerama, amafuna adzuke msana uli chilili, zomwe sizitheka olo kwa inu, tayesani muone. Pokhala ndiye pali nkhani. Asamangoti khu pampando, atsike pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 3, chifukwa potsikapo ndi pomwe ntchafu zimalimba kwambiri.

Mayi tinayamba ndi manja onse awiri akukankha pampando, kasanu, titaika pilo kuti mpando ukwere. Patatha masabata awiri tinachotsa pilo. Kenako dzanja limodzi. Sabata yachisanu ndi chimodzi ndi pomwe anadzuka koyamba manja ali pachifuwa, anaima nkundiyang'ana ngati sakukhulupirira, amvekere "kodi ndadzuka ndekha?" Akafika pa 10 mosavuta apume mphindi imodzi kapena ziwiri achitenso ena 10. Zikapepukanso anyamule botolo la madzi la malita awiri pachifuwa. Lamulo lake ndi lakuti awiri omaliza azimveka kulemera, akamamaliza akucheza ndiye kuti nthawi yowonjezera yakwana. Ndipo azipuma mpweya bwinobwino, osaugwira m'chifuwa, makamaka a BP.

Chachiwiri kunyang'ama. Atagwira pawindo akweze zidendene aime ndi zala, atsike pang'onopang'ono, ka 10. Kenako mosemphanitsa, zidendene pansi akweze zala, ka 10, matako asathawire kumbuyo. Ichi chimaoneka chachibwana koma kanyama ka kutsogolo kwa mwendo kameneka ndi komwe kamanyamula phazi poyenda, kakafooka phazi limakwekwereza ndipo munthu amapunthwa pa kamwala, pa muzu, pa mphepete mwa mkeka.

Kenako kukweza mwendo chammbali. Aime chammbali kwa khoma atagwira, mwendo wakunja aukweze pambali pang'ono bondo lili lowongoka, zala zikuloza kutsogolo, thupi lisapendekere mbali inayo. Ka 10 mbali iliyonse. Minofu ya m'mbali mwa chiuno ndi yomwe imakugwira ukakankhidwa mumsika, ndipo kugwa chammbali ndi komwe kumathyola fupa la chiuno. Enanso awiri: atakhala pampando awongole bondo mwendo uloze kutsogolo nkuutsitsa mofatsa, ndipo ataima apinde bondo chidendene chipite kumatako. Amenewa ku Otago amachita atamanga zolemera pa kakolo. Ife tinathira mchenga mu sokosi yaitali yakale, kuyerekeza kulemera ndi paketi ya shuga ya 1 kg, nkumanga pa kakolo. Yambani opanda kanthu, kenako theka, kenako yonse. Pomaliza kunyonyomala pang'ono atagwira, mawondo apinde theka basi zidendene zisanyamuke, osafika pansi.

Balansi yeniyeni

Apa pali chinsinsi chimene anthu ambiri amaphonya. Fizo ya balansi imagwira ntchito pokhapokha ikamavuta pang'ono. Gogo azidzandira pang'ono, akakolo azinjenjemera, thupi lizifunafuna pakati, koma osagwa. Akagwira khoma ndi manja awiri mwamphamvu mwezi wonse palibe chomwe chikuphunzitsidwa. Ndiye kagwiridwe kazitsika: manja awiri, dzanja limodzi, zala ziwiri, chala chimodzi, kenako dzanja lili m'mwamba pafupi ndi chogwira osakhudza. Mumatsika sitepe imodzi pokhapokha yomwe alipo akuikwanitsa bwino masiku awiri atatu otsatizana. Ine mtima unkandigunda kuwaona akugwedezeka, ndinkafuna kuwagwira nthawi zonse, ndinachita kudziphunzitsa kungogwira chitenje chija nkukhala chete.

Yambani ndi kaimidwe ka mayeso kaja. Phazi kutsogolo kwa linzake masekondi 10, asinthe phazi. Mwendo umodzi masekondi 10, pang'onopang'ono mpaka 30. Maso ayang'ane chinthu chimodzi kutsogolo, osati kumapazi. Mayi amachita zimenezi podikira madzi a tiyi kuti awire.

Zikatheka izi ayambe zoyenda. Jambulani mzere ndi khala m'mbali mwa khoma, ayende pamzerepo chidendene chikugunda zala, masitepe 10, atembenuke abwerere. Ayende chammbali ngati nkhanu masitepe 10 kupita 10 kubwerera. Ayende chobwerera m'mbuyo, ichi mukhale pafupi kwambiri ndipo muonetsetse kuti kumbuyo kulibe kanthu. Ayende monyang'ama, ayende ndi zidendene. Ikani ndowa ziwiri motalikirana mamita awiri azizungulire mojambula 8, chifukwa anthu ambiri amagwa potembenuka osati poyenda molunjika. Ndipo sitepe ya pakhomo, kukwera ndi kutsika atagwira felemu, ngati mwendo wina uli wopweteka pokwera utsogole wabwino, potsika utsogole wopwetekawo.

Patapita miyezi itatu tinaonjezera zosokoneza, poti kunja kulibe amene amayenda ali chete kuganizira mapazi. Pamsika wina akukuitana, kabaza akuliza belu kumbuyo, wanyamula tomato. Ndiye akamayenda pa 8 paja ndimawafunsa kuti amayi tatchulani zidzukulu zanu zonse kuyambira wamkulu, kapena ayende atanyamula kapu ya madzi, kapena azitembenuza mutu kumanzere kumanja. Tsiku loyamba atangoyamba kutchula mayina miyendo inaima yokha, tinaseka tonse. Pano amatchula mpaka ana a achimwene awo akuyenda.

Kangati, nthawi yanji

Katatu pa sabata, ife ndi Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, mphindi 30. Ngati 30 zachuluka gawani, 10 m'mawa 10 masana 10 madzulo, zimawerengedwabe. Masiku apakatiwo ayende, kawiri pa sabata kapena kuposa, kuyambira mphindi 10 mpaka kufika 30. Malangizo a WHO a 2020 amanenanso chimodzimodzi, kuti a zaka 65 kupita m'mwamba azichita za balansi ndi mphamvu masiku atatu kapena kuposa pa sabata, ndipo kugwiritsa ntchito thupi konse pamodzi kufike mphindi 150. Kusesa, kuthirira ndiwo kudimba, kupita kutchalitchi wapansi, zonsezo abwezereni. Kuvina nakonso, kaya ndi chitelele kaya ndi kwaya ya amayi a Chigwirizano, asasiye, koma kusalowe m'malo mwa mafizowa.

Nthawi yabwino ndi m'mawa atamwa phala, makamaka mu October dzuwa lisanakwiye. Mu June ndi July dikirani kaye kutenthe, mafupa akuluakulu ndi chisanu sizimvana. A shuga asachite ndi njala. Musayembekezere zodabwitsa sabata yoyamba, kwa ife kusintha kooneka kunabwera mwezi wachiwiri kulowa wachitatu. Ndipo mpatseni ntchito mdzukulu, yowerenga ndi yolemba mu kope. Ine ndikawauza amatha kunena kuti lero ndatopa, koma kamwana kakabwera ndi kope kuti agogo nthawi yakwana sakana.

Kuwawa kwa minofu tsiku lotsatira nkwabwinobwino, kumatha pakapita masiku awiri. Koma asiye pompo akamva kupweteka pachifuwa, kubanika kwambiri, chizungulire, kapena ululu wobaya mu bondo kapena m'chiuno. Mukaona pakamwa papindika, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka mwadzidzidzi, kapena mawu sakumveka, imeneyo ingakhale sitiroko, pezani galimoto nthawi yomweyo.

Miyendo imafunanso chakudya, nsima ndi masamba okha sizimanga minofu. Usipa, bonya, matemba odya ndi minga yomwe, nyemba, soya, mazira, nsinjiro, chilichonse chomwe thumba lalola. Madzinso, mayi ankadzimana madzi kuyambira masana kuopa kutuluka usiku ndiye m'mawa ankadzuka mutu ukuzungulira. Kwa madala omwe amakonda kukhala ku mowa madzulo, palibe fizo yomwe ingapikisane ndi kachasu.

Pakhomo pokha tinasintha zochepa. Polishi wa pansi tinasiya. Mkeka wopindika m'mphepete ndi zingwe za chaja zinachoka panjira. Ku bafa tinapala ndere, kuchimbudzi tinakhoma mtengo wa bulugamu wogwira ponyonyomala ndi podzuka, njira yake tinathira miyala ing'onoing'ono. Nyali ya sola imagona pafupi ndi pilo, ndipo nyengo ya mvula usiku pali chidebe m'chipinda, poyamba ankachita manyazi pano anazolowera. Neti ya udzudzu nayonso samalani, imakola phazi munthu akamatuluka ndi tulo, aikweze kaye, akhale m'mphepete mwa bedi mapazi pansi awerenge mpaka 30, ndiye adzuke. Ngati akufunika ndodo ikhale yofika pa mfundo ya dzanja ataima manja ali pansi, kunsi kwake kukhale labala, ndipo imagwiridwa mbali ya mwendo wabwino osati wopwetekawo, ambiri amasemphanitsa.

Akagwabe

Mafizo amachepetsa kugwa, sathetseratu, ndiye aphunzitseninso kudzuka pansi. Akagwa asathamangire kudzuka, apume kaye amve ngati pali pomwe pakupweteka kwambiri. Ngati palibe, agudubukire chammbali, adzuke ndi manja agwade, akwawe mpaka pa mpando wolimba kapena bedi, aike manja pamenepo, phazi la mwendo wamphamvu aliponde pansi kutsogolo, akankhe ndi manja ndi mwendowo, atembenuke akhale. Yesererani pa matiresi inu mulipo, a fizo atavomereza. Inu mukawapeza pansi musawanyamule m'khwapa mwachangu. Ngati akulira m'chiuno kapena m'mphechepeche, akulephera kuponda, kapena mwendo umodzi ukuoneka waufupi phazi litagwera kunja, mwina fupa la chiuno lathyoka, musawaimiritse ndipo musawakweze kabaza, agone choncho pa chinthu chathyathyathya mpaka kuchipatala, pa Central pomwepo pali LION, chipatala cha mafupa. Akamenyetsa mutu, makamaka ngati amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi ngati warfarin, akaonedwe tsiku lomwelo olo akunena kuti ali bwino.

Pofika November mayi anali pa 11 pa mpando paja, ndipo mamita atatu aja ankamaliza pa masekondi 11. Mu December anapita kumudzi kumaliro nkukhalira komweko kudzala, masabata asanu osachita fizo olo imodzi, akuti kumeneko anthu akanawaseka. Atabwera tinawayesa kudzuka pa mpando paja, anangofika 8. Anayang'ana mu kope nkunena kuti mwanayu walakwitsa kuwerenga, tibwereze. Tinabwereza, 8 yemweyo. Lolemba lake tinayambiranso, pa sokosi ya theka.